Makamera akufera m'manja mwa eni ake pa zikondwerero za pafumbi

Akonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi achinyamata a muno mu Blantyre amene alowa ntchito yojambula zithunzi pa zoimbaimba. Masiku ano mukafika pa phwando la nyimbo ku Robin's Park kaya ku Blantyre Cultural Centre, kutsogolo kwa nsanja kumakhala makamera ambiri kuposa kale, ndipo ena mwa anyamata ndi atsikana amenewa ayamba kukamba zopita kunja, makamaka ku AfrikaBurn, chikondwerero cha zaluso chimene chimachitikira m'chipululu cha Tankwa Karoo ku South Africa. Zimenezo nzabwino. Chodandaulitsa nchakuti makamera ambiri amene amafika kwa okonza pambuyo pa zikondwerero sakhala kuti adagwa pansi kapena adanyowa. Amakhala ataonongeka ndi fumbi ndi mchenga, ndipo nthawi zambiri amene adalowetsa fumbilo ndi mwini wake yemwe, posintha lenzi pamtetete kapena popukuta galasi ndi malaya. Kamera yogula ndi ndalama za miyezi yambirimbiri, imene zipangizo zake simungazipeze ku Limbe ngakhale mutazungulira tsiku lonse, siyoyenera kufa imfa yotero.

Amene sadaonepo chipululu amayesa ndi ku Nsanje mu Okutobala basi. AfrikaBurn idayamba mu 2007 ndipo imachitika chakumapeto kwa Epulo kulowa mu Meyi. Idatengera Burning Man ya ku America, imene idayambira pagombe la Baker Beach ku San Francisco mu 1986 nkusamukira m'chipululu cha Black Rock ku Nevada mu 1990. Anthu amamanga mudzi wa matenti pamalo opanda mtengo ndi umodzi womwe, amaimika ziboliboli zikuluzikulu zamatabwa ndi zachitsulo, amaimba, amavina, kenaka zina mwa ziboliboli zija amazitentha usiku. Pochoka sipayenera kutsala ngakhale kachidutswa ka pepala. Kulibe golosale, kulibe wa chiwaya. Ku AfrikaBurn chimene mungagule ndi ayezi basi. Madzi mumanyamula nokha, malita 5 pa munthu patsiku, ndiye kuti zigubu ziwiri za malita 20 ngati mukukhala sabata yathunthu. Netiweki ya foni musaiwerengere. Msewu wa R355, wa pakati pa Ceres ndi Calvinia, ngwamiyala yakuthwa ndipo udatchuka ndi kuphulitsa matayala, moti tayala lapadera limodzi silikwana.

Wina anena kuti kwathu kuno kulibe chipululu, nanga zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza kwambiri. Lake of Stars ndi Sand Music Festival (yachiwiriyi adaiyambitsa malemu Lucius Banda) zimachitikira pamchenga wa m'mbali mwa nyanja. Tumaini Festival ku Dzaleka ndi mwambo wa Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde ku Mulanje zimagwa nyengo imene nthaka yauma gwaa, ndipo anthu zikwizikwi akayamba kuponda, fumbi limakwera kuposa mitu. Bwalo la gule wamkulu nanga, sitinena. Zimene wojambula amafunika kudziwa ku Tankwa ndi zomwezo zimene zingapulumutse kamera yake ku Senga Bay.

Adani alipo awiri ndipo samenya mofanana. Fumbi la m'chipululu ngati la ku Black Rock ndi losalala ngati ufa woyera, limalowa paliponse pamene mpweya ungalowe, ndipo lili ndi ukali wofanana ndi wa chidulo: limang'amba zidendene, limaumitsa manja, limadya zitsulo likasiyidwa. Mchenga wa kunyanja ngolemera, sulowa msanga, koma njere zake ndi zolimba kuposa galasi la lenzi. Kanjere kamodzi kakakhala pagalasi inu nkupukuta ndi nsalu, mwalemba mzere umene sudzafufutika. Kakalowa m'mphete yozungulira ya lenzi, mumamva kakulira kuti kwetche kwetche mukamapotokola, ndipo kakuperesa mapulasitiki a m'kati pang'onopang'ono.

Nkhondo imeneyi mumaipambanira kunyumba musananyamuke. Sankhani lenzi imodzi, imangeni pa kamera muli m'chipinda chosesa, ndipo isachokepo mpaka mutabwerera. Lenzi ya zoom imene imatalika ndi kufupika imagwira ntchito ngati mpope wa njinga: ikamatuluka imakoka mpweya wa panja pamodzi ndi fumbi lake, ikamabwerera imaukankhira m'kati mwa kamera, molunjika pa sensa, kagawo kamene kamalandira kuwala nkupanga chithunzi. Lenzi yosatalika, monga 35mm kapena 50mm, ilibe vuto limeneli kwenikweni. Amene ali ndi makamera awiri, ngakhale inayo ikhale yakale, ali pabwino kuposa amene ali ndi kamera imodzi ndi malenzi anayi. Kutsogolo kwa lenzi ikani fyuluta yoonekera ya UV, kuti chokalika chikhale fyuluta yotsika mtengo, ndipo hood, kampanda kotchinga kukamwa kwa lenzi, isachoke. Tengani jumbo yokhuthala, yamtundu wotseka ndi zipi, boolani bowo lolingana ndi kukamwa kwa lenzi, tulutsani hood pabowopo, matani m'mbali mwake ndi tepi yansalu yotchedwa gaffer tape, dzanja lanu lizilowera kuzipi. Timakomo ta khadi, ta batire ndi ta mawaya timateninso. Selotepi ndi tepi yakuda ya amagetsi musagwiritse ntchito: dzuwa likatentha ulimbo wake umasungunuka, umatsalira pa kamera, fumbi nkumatirira pomwepo.

Zikavuta ndithu kuti lenzi isinthidwe, lowani m'galimoto, tsekani mawindo, dikirani mphindi zingapo fumbi limene mwalowa nalo likhazikike. Zimitsani kamera. Pemererani m'mbali mwa pamene lenzi yakumana ndi kamera, chifukwa pamenepo pamaunjikana fumbi limene limagwera m'kati mukangotsegula. Lenzi yatsopano ikhale pamwendo, chotsekera chake chakumbuyo chili chomasula kale. Kamera iyang'ane pansi, masulani, lowetsani inayo, zonse zisapose masekondi 5. Makamera a mirrorless, opanda kalilole m'kati, ndiwo amafuna chisamaliro chachikulu pamenepa, popeza sensa yawo imakhala pambalambanda lenzi ikachoka.

Kupukuta kuli ndi ndondomeko yake ndipo wosemphanitsa amalira. Choyamba ndi kampope ka labala kopemerera, galasi litayang'ana pansi. Chachiwiri ndi kaburashi kofewa. Nsalu ya microfibre imabwera pomaliza, njere zonse zitachoka, ndipo nsaluyo izikhala m'kajumbo kakekake, chifukwa nsalu imene yagona m'thumba la buluku yasanduka sandipepa. Kuuzira ndi pakamwa kumawaza malovu amene amasandutsa fumbi matope. Mpweya wa m'chitini ngwamphamvu kwambiri, umakankhira fumbi m'kati ndipo nthawi zina umalavula madzi ozizira pagalasi. Kuti mudziwe ngati sensa yada, jambulani kumwamba kopanda mitambo mutachepetsa aperture, bowo lolowera kuwala m'lenzi, kufika f/16 kapena f/22: timadontho timene tikuoneka pamalo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse ndi fumbi. Musaitsuke muli kuchipululu komweko. Tsegulani aperture kufika f/4 kapena f/5.6, madonthowo sazioneka kwenikweni, mudzatsuke mutafika kunyumba.

Kutentha nako. Makamera ambiri adawapanga kuti azigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 40, koma kamera yakuda yosiyidwa padzuwa imapitirira pamenepo msanga, ndipo m'galimoto yotseka masana mumatha kuposa madigiri 60. Batire imafooka, kamera imadzizimitsa pojambula vidiyo, mafuta a m'kati mwa lenzi amasungunuka nkuyenderera pamene sakufunika. Nsalu yoyera yofunditsa imathandiza kwambiri. Ena poona kutentha amaika kamera m'cooler box ya ayezi. Ikatuluka imachita thukuta, kunja ndi m'kati momwe, ndipo chinyezi chimenecho ndicho chimabala nkhungu m'magalasi. Usiku chipululu chimazizira koposa Chiperoni wa mu Julayi, choncho batire yapadera izikhala m'thumba la m'kati, pafupi ndi thupi.

Magetsi awerengereni papepala. Batire imodzi ya kamera yaikulu imasunga mphamvu ya pakati pa 13 ndi 16 Wh (watt-hour). Pa mirrorless imeneyo ndi zithunzi 300 mpaka 500, pa DSLR, kamera ya kalilole m'kati, imatha kupitirira 800. Power bank yolembedwa 20,000 mAh imasunga pafupifupi 74 Wh, koma ina imatayika potchaja, ndiye yembekezerani kudzaza mabatire atatu, mwina anayi, osati khumi monga ena amaganizira poona nambala yaikuluyo. Ngati mumatha mabatire awiri patsiku kwa masiku 7, mukufunika kudzaza ka 14, ndiye kuti power bank imodzi siingakufikitseni ngakhale pakati. Pamafunika sola yopinda, imene muziipukuta fumbi m'mawa uliwonse, ndi tchaja ya kamera yolowa pa USB. Oyenda pandege kuchokera ku Chileka akumbukire kuti mabatire apadera ndi ma power bank amakwera m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wapansi, ndipo yoposa 100 Wh imafuna chilolezo cha kampani ya ndege. Oyenda pabasi kudzera ku Mwanza, Tete, Harare ndi Beitbridge anyamule malisiti ndi manambala a kamera ndi malenzi, afunsenso a MRA pachipata momwe angalembetsere katundu amene abwerere naye, kuopa kukangana za msonkho pa chinthu chawo chomwe.

Makadi: chithunzi cha RAW, chosunga zonse zimene sensa yaona, cha kamera ya 24 megapixel chimadya 25 mpaka 30 MB, ndiye khadi ya 64 GB imanyamula pafupifupi 2,000. Makadi anayi a 64 GB ngabwino kuposa imodzi ya 256 GB, chifukwa imodzi ikafa simutaya zonse. Makadi otchipa a pamsewu ambiri ngachinyengo, amalemba 128 GB pamene m'kati muli kochepa, ndipo amayamba kufufuta zithunzi zoyamba mwakachetechete. Yesani khadi iliyonse poidzaza mpaka pakamwa musanapite nayo kuntchito.

Tsopano kuwala, pamene pagona luso lenileni. Mita yoyeza kuwala ya m'kamera imafuna kuti chilichonse chituluke chotuwa pakatikati. Mukailozetsa pamchenga woyera masana, imaganiza kuti kwawala mopitirira, imadetsa chithunzi chonse, ndipo nkhope ya munthu wakhungu lakuda imasanduka chithunzithunzi chopanda maso. Ili ndi vuto lathu ife makamaka, chifukwa ambiri amene timawajambula ndi akhungu lakuda. Onjezerani exposure, kuwala kwa chithunzi chonse, ndi +1, kapena pitani pa manual, pamene zonse mumasankha nokha. Poyambira pabwino masana a dzuwa lamphamvu ndi f/16, ISO (mlingo wa momwe sensa ikumvera kuwala) 100, shutter (chitseko cholowetsa kuwala) 1/100 ya sekondi, kapena zolingana nazo monga f/8 pa 1/400. Sikirini ya kumbuyo musaikhulupirire padzuwa, yang'anani histogram, galafu yoonetsa kuwala ndi mdima wa m'chithunzi. Dzuwa likakhala paliwombo maso amalowa m'maenje amdima. Mutembenuzeni munthuyo dzuwa limuombe kumsana, mchenga womwewo umubwezere kuwala kunkhope, kapena muwalitseni pang'ono ndi fulashi. Dziwani kuti fulashi wamba siigwira shutter ikaposa 1/200 kapena 1/250, pokhapokha ili ndi high speed sync, apo ayi theka la chithunzi limatuluka lakuda. Kunena zoona, kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana ndi nthawi yokhala pamthunzi nkumamwa madzi. Zithunzi zimene anthu amazikumbukira zimajambulidwa ola loyamba dzuwa litatuluka ndi ola lomaliza lisanalowe, pamene fumbi lomwe lija limasanduka lagolide mukajambula moyang'anizana ndi dzuwa.

Mphepo ya fumbi ikabwera, ndipo imabwera mosachenjeza ngati kamvuluvulu, munthu saona ngakhale mamita ochepa kutsogolo kwake. Zithunzi zake zimakhala zokongola, chiboliboli chikutuluka m'chifunga choyera, koma jambulani pokhapokha kamera ili m'jumbo yake, inu mutavala magalasi otseka m'mbali ndi chophimba pamphuno. Autofocus imasokera m'fumbi lotere chifukwa ilibe pogwira. Ikani focus pamanja pa mtunda umene mukufuna, f/8, dikirani munthu alowe pamenepo.

Usiku pansanja zinthu zimatembenuka. Kumbuyo kwa woimba kuli mdima, mita imaganiza kuti kwada, imawalitsa mopitirira, nkhope ya woimba nkupserera, makamaka pamphumi ndi pamphuno pamene pali thukuta. Apa manual ndiyo njira. Woimba woima pa maikolofoni amafuna shutter ya 1/250. Wang'oma ndi ovina amafuna 1/500 kapena kuposa. Aperture ikhale f/1.8 mpaka f/2.8, ISO pakati pa 1600 ndi 6400 malinga ndi magetsi. Achinyamata ambiri amaopa ISO yokwera, nkutsitsa shutter kufika 1/60, zithunzi zonse nkutuluka zogwedezeka. Chithunzi cha timchenga tobwera ndi ISO yokwera chimakonzeka pa kompyuta, chogwedezeka sichikonzeka. Ndipo apa mpamene lenzi yobwera ndi kamera, ya 18-55mm, imagwetsa anthu ulesi. Mukaitalikitsa kufika 55mm imatsekeka kufika f/5.6, imene imalowetsa kuwala kochepa pafupifupi ka 10 poyerekeza ndi f/1.8. Pamene mnzanu wa 50mm f/1.8 akujambula pa ISO 1600, inu mukufunika ISO 16000. Lenzi ya 50mm f/1.8 ndi imodzi mwa zotsika mtengo kwambiri, ndipo kwa woyamba kumene ndiyo yoyenera kugula asanalote za 70-200mm f/2.8, imene imalemera pafupifupi kilogalamu ndi theka ndipo mtengo wake ngwa galimoto yakale.

Magetsi a LED amene adzaza nsanja zathu ali ndi misampha iwiri. Woyamba ndi mtundu. Getsi lofiira lokhalokha likamuomba woimba, histogram wamba imaonetsa ngati zonse zili bwino, pamene mbali yofiira yapserera kale, ndipo nkhope imatuluka ngati yopaka penti, yopanda makwinya kapena tsitsi. Yatsani histogram ya RGB, yoonetsa mtundu uliwonse pawokha, tsitsani exposure pang'ono, jambulani RAW. Koposa zonse, dekhani. Wa magetsi amasintha mitundu motsatira nyimbo, ndipo mukaonetsetsa vesi imodzi ndi kolasi imodzi mudziwa pamene getsi loyera kapena lachikasu limabwerera. Kuona maso a nkhono nkudekha. Zikakanika, chithunzi chofiiracho chisandutseni chakuda ndi choyera. Msampha wachiwiri ndi kuphethira. Magetsi a ESCOM, monganso a ku South Africa, amayenda pa 50 Hz, ndiye nyale zambiri zimaphethira ka 100 pa sekondi, maso osaona. Ku America ndi 60 Hz. Mukagwiritsa ntchito silent shutter pansi pa nyale zotere, chithunzi chimatuluka ndi mizeremizere ngati mbidzi. Bwererani ku shutter wamba, yatsani anti-flicker ngati ilipo, ndipo pa vidiyo khalani pa 1/50 kapena 1/100. Pamene akugwiritsa ntchito jenereta, monga zimakhalira kunyanja ndi kuchipululu, liwiro lake limasinthasintha ikalemedwa, choncho jambulani zoyesera pa nthawi ya sound check ndipo muziyang'ananso usiku ukamapita.

Poima pamafunikanso nzeru. Onani dzanja limene woimba wagwirira maikolofoni. Akagwirira kumanja, imani chakumanzere kwake, kuti dzanja ndi maikolofoni zisatseke pakamwa. Mukaima pakatikati penipeni mumajambula maikolofoni yokhala ndi makutu. Autofocus nayo imakonda maikolofoni kuposa diso, popeza ndiyo ili pafupi ndipo ikunyezimira, ndiye gwiritsani ntchito kadontho kamodzi ka focus pa continuous, kapena eye detection ngati kamera yanu ili nayo. Nthawi yabwino ndi pamene woimba wachotsa maikolofoni pakamwa kuti apume, kapena waloza anthu kuti ayankhe. Pansi penipeni pa nsanja yaitali mumajambula mphuno ndi chibwano, bwererani m'mbuyo pang'ono. Ndipo musaiwale wang'oma ndi wa bass, amene ojambula ambiri amawasiya ngati sadabwere.

M'maiko ambiri lamulo la kutsogolo kwa nsanja ndi lakuti ojambula amapatsidwa nyimbo zitatu zoyamba, popanda fulashi, kenaka achoke. Kwathu kuno mumaona wojambula atakwera pansanja, ataima pakati pa woimba ndi anthu amene alipira pakhomo, fulashi ikung'anima m'maso mwa woimba nyimbo ndi nyimbo. Khalidwe limeneli likutichotsera ulemu tonse. Fulashi yolunjika imaphanso mitundu ya magetsi a pansanja, ndipo pamalo a fumbi kapena utsi imawalitsa timadontho toyera tambirimbiri kutsogolo kwa lenzi. Valani zakuda, yendani mowerama, jambulani, patsani anzanu malo.

Makutu anu ndi chipangizonso. Phokoso la madesibelo 85 munthu angalipirire maola 8, ndipo likakwera ndi 3 nthawiyo imadulidwa pakati. Pa 100, pamene masipika a pa phwando amafika mosavuta, ndi mphindi 15 zokha. Wojambula amaima pafupi ndi masipika kuposa wina aliyense, usiku wonse. Timapulagi ta m'makutu ta siponji timapezeka m'masitolo a zipangizo zomangira ndipo sitidula. Kulira kwa m'makutu kumene mumamva m'mawa mwake ndi chizindikiro chakuti china chaonongeka, ndipo chimenecho sichibwerera.

Kujambula moto ndi phunziro palokha. Chiboliboli chikamayamba kuyaka kumakhala mdima, ISO ili m'mwamba, koma pakangopita mphindi zochepa malawi amawala ngati masana ndipo amene sadasinthe amangopeza chibuluma choyera. Siyani shutter pa 1/500, aperture pa f/8, muzitsitsa ISO moto ukamakula, mpaka 400 kapena 200, kuti malawi aoneke mitundu yake ndi mapindikidwe ake. Anthu a kutsogolo atuluke akuda bii ngati zithunzithunzi, nzokongola choncho. Imani kumene mphepo ikuchokera, musadutse malire amene oyang'anira aika, ndipo valani za thonje, popeza nayiloni imasungunukira pakhungu ikagwidwa ndi mbaliwali. Nkhope yanu ikayamba kuwawa ndi kutentha, dziwani kuti hood ya pulasitiki nayo ikumva chimodzimodzi. Ovina ndi miuni ya moto amafuna njira ina: tripod, ISO 100, f/8 mpaka f/11, shutter ya theka la sekondi mpaka masekondi 2, kuti moto ulembe mizere m'mwamba. Tripod imeneyo imangirireni kanyale, inunso muvale kanyale, chifukwa usiku njinga ndi magalimoto okongoletsedwa amayenda mumdima ndipo chosawala amachigunda.

Pali nkhani ina imene siikhudza mabatani a kamera, koma ndiyo imachotsetsa anthu pamalo. Ku Burning Man ndi ku AfrikaBurn, wojambula zofalitsa amayenera kulembetsa kwa okonza chikondwerero asanafike, zithunzi siziloledwa kutsatsira malonda, ndipo drone siiuluka popanda chilolezo. Anthu ena kumeneko amavala mochepa, ena savala nkomwe, ndipo lamulo ndi lakuti mufunse musanajambule munthu. Ku Burning Man kuli nyumba imene amaitcha Temple, momwe anthu amalembamo mauthenga kwa abale awo amene adamwalira, ndipo poitentha khamu lonse limakhala chete. Pamenepo chitani monga mungachitire pamaliro: zimitsani kulira kwa kamera, musalowetse lenzi pankhope ya munthu amene akulira. Ife Amalawi zimenezi siziyenera kutivuta. Palibe amene amafika pa gule wamkulu nkuyamba kujambula osaonana ndi akuluakulu a mudzi, ndipo kudambwe kamera siipita. Ku Dzaleka kuli anthu amene adathawa kwawo pa zifukwa zoopsa, ena safuna nkhope zawo zioneke pa Facebook. Munthu amene waledzera kunyanja nkugona pamchenga ali ndi ana ndi abwana ake, ndipo chithunzi chikalowa m'magulu a WhatsApp sichitulukanso. Safunsa adadya phula.

Pa za umwini, lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zithunzi monga limatetezera nyimbo, ndipo a COSOMA alipo kuti afotokoze. Koma chitetezo choyamba ndi pepala. Gwirizanani ndi amene wakulembani ntchito musanayambe: zithunzi zingati, zoperekedwa liti, zogwiritsa ntchito pati, dzina lanu lilembedwa pati. Lowetsaninso dzina lanu m'kamera pa copyright information kuti liziyenda ndi chithunzi chilichonse.

Mukabwerera, musatsegule kalikonse msanga. Kutumulani chikwama panja, chotsani jumbo ndi matepi, pemererani kamera yonse isanatsegulidwe, ipukuteni kunja ndi kansalu konyowa pang'ono kofinya bwino. Ngati fumbi lake ndi lamtundu wa chidulo lija, miyendo ya tripod ndi zipi za chikwama zitsukeni ndi madzi othira viniga pang'ono, koma viniga asayandikire galasi kapena sensa. Miyendo ya tripod imene idaima pamchenga imasuleni mfundo ndi mfundo. Sensa imatsukidwa ndi swab, kandodo kokhala ndi kansalu kumapeto, yolingana ndi kukula kwake, dontho limodzi kapena awiri a mankhwala ake, kukoka kamodzi kupita, kutembenuza, kamodzi kubwerera, swab nkutaya. Batire ikhale yodzaza, chifukwa pa DSLR ikathera pakati kalilole ndi shutter zimatsekera swab m'kati. Amene dzanja lake limanjenjemera apereke kwa odziwa. Ndipo popeza zikondwerero zathu zambiri zimatha mvula ili pafupi, sungani malenzi m'bokosi lotseka bwino lokhala ndi timapaketi ta silica gel, osati m'chikwama pansi pa bedi, kumene fumbi lotsalira limakumana ndi chinyezi cha Januwale.

Kwa okonza zikondwerero ndi maphwando a nyimbo, muno mu Blantyre ndi kunyanja komwe, pempho lathu ndi laling'ono. Zithunzi zimene mumatsatsira chaka chotsatira zimachokera kwa achinyamata omwewa. Siyani mpata wa mita imodzi ndi theka pakati pa nsanja ndi mpanda wa anthu, kuti ojambula asamakwere pansanja. Uzani wa magetsi kuti pa nyimbo zitatu zoyamba za woimba aliyense aziyatsa getsi loyera kutsogolo, m'malo mofiiritsa nsanja yonse. Patulani kachipinda kapena tenti yotseka, yokhala ndi tebulo ndi masoketi angapo, kumene munthu angasinthire lenzi ndi kutchaja batire. Ndipo pabwalo la dothi, tumani anyamata awaze madzi kutsogolo kwa nsanja cha m'ma 4 koloko madzulo, nkubwerezanso woimba wamkulu asanakwere.

Ojambula zithunzi,
Chilomoni, Blantyre